Anthu Obadwa pa 1 Januwale

Pachipatala china chaching'ono aliyense ankawatchula kuti a Mabulaketi. Anali mayi wamfupi, wa magalasi omanga ndi ulusi, ndipo ankasamala makompyuta m'kachipinda koyandikana ndi mosungira mankhwala. Kalaliki wa pawindo, mtsikana wofatsa, ankawaopa pang'ono, poti mayiwo ankacheza ndi makina kuposa anthu.

Kompyuta ya pawindopo inali ndi mwano: sinkalola kulembetsa wodwala popanda tsiku, mwezi ndi chaka chobadwa. Nkhalamba zambiri sizidziwa tsiku, choncho kalaliki ankangozipatsa 1 Januwale. Zinayenda choncho mpaka madala awiri a dzina limodzi ndi chaka chimodzi anasanduka munthu mmodzi m'kompyutamo. Mmodzi wa iwo, telala wopuma ntchito, anapatsidwa mapiritsi a shuga a mnzakeyo, nabwerera kuchipatala atanyamulidwa.

Atachira anafika pawindo, chipewa chili m'manja.

"Mwanangu, undilekanitse ndi phasa langalo. Za eni ake sindimwanso."

"Munabadwa liti, agogo?"

"1951, mwezi wa Juni. Tsikulo ukawafunse amayi anga kumanda."

Kalaliki analemba chaka ndi mwezi. Kompyuta inafiira, kukana. Anadzuka, nakagogoda kwa a Mabulaketi.

Mayiwo anamvetsera osaphethira, kenako anamukokera mpando. Mayiwo anayamba kulemba pakompyuta yawo mzere umodzi wa zizindikiro zokhotakhota ngati mapazi a nkhuku pamchenga.

"Uyu timamutcha rejekisi," anatero. "Ndi sefa. Manambala anayi awa ndi chaka, chimenecho nchokakamiza. Mwezi ndautsekera m'mabulaketi, timipanda tiwiri tokhotati, kunja ndaika chizindikiro cha funso: ukhalepo, usakhalepo, palibe mlandu. Tsiku ndaliika m'mimba mwa mwezi kuti lisamabwere lokha ngati mwana wopanda make."

"Nanga wina akalemba mwezi wa 13?"

"Yesa, usandifunse ine."

Anayesa, inakana. Analemba 31 Epulo, inakananso. Atalemba 1951 yokha, kompyuta inavomera mwakachetechete. Kalaliki anasendera pafupi, nayang'anitsitsa zizindikirozo. Kamzere kotalika ngati chala chake kankatha kusiyanitsa munthu wosadziwa ndi munthu wolakwitsa!

"Mayi, nzeru zimenezi munazitenga kuti?"

"Kusukulu anandipatsa mabulaketi okha. Zinazo ndi bambo anga. Anamwalira akukangana ndi chiphaso chawo, ankati iwo sanabadwe pa 1 Januwale, tsiku la maphwando." Anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya bulauzi. "Kamzereka ndakatumiza kale ku kompyuta ya pawindo. Thamanga, mdalayo atopa kuima."

Pawindo telala anali akuuza anthu a pamzere kuti kompyuta inamupatsa m'bale mano atamuthera kale m'kamwa. Kalaliki anakhala pansi, nalemba 1951-06. Tsamba latsopano linatseguka, loyera, la munthu mmodzi.

"Agogo, tsopano muli nokhanokha."

"Zoona? Phasa uja wapita?"

"Wapita."

Mdalayo anavala chipewa, nawerama pawindo.

"Ndiye ndilembere mapiritsi anga enieni, mwanangu. A miyendo."