Tinameta maliro a munthu wamoyo

Akulu anga atabwerako ku chipatala cha ku Tete kachiwiri, tsitsi lawo linayamba kutsalira pamkeka. Bere lakumanzere madotolo anali atachotsa kale chifukwa cha khansa, ndipo zimenezo anapirira osadandaula. Koma tsitsi! Anadzitsekera m'nyumba, ati mankhwala otsalawo akalandire ena, iwo sakweranso kamiyau, lole yopita ku Tete ija, kuti dziko lonse lizikaonera mutu wawo. Namwino anali atatichenjeza kuti akangodumphitsa ulendo, matenda abwerera ndi ukali. Ndinachita mantha, ndipo ine mantha akandigwira ndimapsa mtima.

Ndinawanyengerera, ndinawapempherera, ndinawakalipira, koma ayi ndithu. Tsiku lina m'mawa ndinatenga lezala la alamu anga, n'kukhala pakhomo pawo penipeni, n'kuyamba kudzimeta mpala. Azakhali atandipeza anati mutu wanga ukuoneka ngati munda wolimidwa ndi mlesi. Anandikonza, kenaka anavula duku kuti nawonso ndiwamete. Pofika masana, azisuweni athu ndi amayi a kwaya anali pamzere pansi pa mtengo wa mango, lezala litabuntha kale. Akulu anangosuzumira pazenera n'kutsekanso.

Ndi nzeru zathu zonsezo, tinaiwala kuti kwathu kuno akazi a pamudzi sameta mpala onse pamodzi popanda chifukwa. Timameta tikaika maliro. Bambo wina wogulitsa mchere panjinga anatipeza pamjigo mitu ili mbee. Sanafunse kanthu. Anangovula chipewa, n'kupalasa kulowera ku Chiputo, kwawo kwa alamu anga.

Loweruka lake tinamva chiliro chikutsika phiri. Patsogolo panali apongozi a akulu, manja ali kumutu. Omwewo chiyambire matenda sanabwereko kudzazonda, ati mitsinje yadzaza, chikhalirecho kunali chilimwe. Kumbuyo kwawo ena anasenza ufa ndi nkhuni, wina akukoka mbuzi ya chipepeso. Polirapo ankatinyoza kuti taika mpongozi wawo ngati galu, osatumiza uthenga. Ndinayesa kufotokoza, koma ndi mutu wangawu ndani akanandimvera? Apongoziwo anandikumbatira n'kundisiyira mamina paphewa.

Anadzigwetsa pakhomo n'kuyamba kutchula ubwino wa malemu, ati anali wolimbikira kumunda, wosayankha akuluakulu. Chachiwiricho chinali bodza lamkunkhuniza. Ali mkati motero chitseko chinatseguka, akulu natuluka opanda duku, nsalu ya kapulana atamanga m'chifuwa.

"Amayi, mukulira ndani pakhomo panga?"

Wa mbuzi uja anataya chingwe n'kuliyatsa liwiro kudutsa m'dimba la azakhali. Apongozi anangoti kukamwa yasa. Anatambasula dzanja n'kutsina phazi la akulu kuti aone ngati ndi munthu, kenaka anayamba kulira kwina, kwenikweni tsopano, kopanda mawu. Nanenso ndinalira, sindibisa. Akulu anayang'ana mitu yathu yonse ija, yochekekachekeka, n'kuseka mpaka kugwira pachilonda.

Alendo anafuna kubwerera ndi mbuzi yawo poti maliro panalibe. Akulu anakana kwamtuwagalu, ati chipepeso sichibwerera, ndipo mwini maliro ndi iwo. Mbuziyo ndi imene inalipira ulendo. Apongozi anatsala kuti aziphikira ana, osapemphedwa ndi munthu.

Lolemba tinakwera kamiyau, tonse awiri pamwamba pa matumba a chimanga, amotorisita ali pachiwongolero. Ine ndinali ndikuseka ndekha zonse zija. Kenaka akulu anandigwira dzanja.

"Iwe, ndili m'nyumba muja ndinamva kamwana kanga komaliza kakulira nawo. Kanayesa ndi zoona," anatero. "Kulira kumene kuja sindifuna kumvekenso. Auze amotorisita afulumire."