Samu ya Atate Pabolodi

Mdzukulu wanga wamaliza digiri ya masamu, ndipo akuthandizako pasukulu ina ku Kapata. Dzulo anandifunsa, "Agogo, ndikhale mphunzitsi kapena ndikalowe muofesi?" Zala zake zinkanunkha choko, ine n'kukumbuka atate anga.

Atate ankaphunzitsa pasukulu yofolera udzu ku Kasenengwa. Tsiku limene lole ya asilikali inawatenga kupita kunkhondo, anasiya samu yosamaliza pabolodi. "Musafufute," anatiuza ife ana a m'kalasi mwawo, "tidzamaliza ndikabwera."

Ndinkailondera tsiku lililonse, kuthamangitsa anzanga ofuna kuikhudza. Koma denga linadontha, mvula n'kuitsuka. Uthenga wa imfa yawo utafika, ndinakabisala m'munda, poganiza kuti ndawapha ndine.

"Kaphunzitse, mwanawe," ndinamuyankha mdzukuluyo. "Koma samu uzimaliza belu lisanalire."