Mlomo Wosekerera Pamaliro

Ndimalikumbukirabe botolo la mafuta a mabuleki lomwe linkakhala pawindo la amalume ku Chinyunyu. Iwo ankakonza njinga m'mbali mwa msewu, ndipo mafutawo, opempha kwa madalaivala a minibasi, anali mankhwala awo a chilichonse: chipere, bala, ngakhale chitopa. Ndikulumbira, tambala wina anachira n'kuyamba kuima mwadzidzidzi pakati pa liwiro.

Nthawi yokolola chimanga, amalume anandikweza pakaliyala pa njinga yawo. Pamtsetse mabuleki anakana, pajatu mmisiri sakonza njinga yake. Ine ndinakatera nkhope pawaya waminga. Tsaya linang'ambika kuyambira pamlomo kulowera kukhutu. Amayi anali kumunda, choncho amalume anathira mafuta aja n'kumanga ndi sanza. Kulira kwanga agalu a kutali ku Rufunsa anakuyankha. Lero ndinganene kuti munthu wotere ngwofunika kumulanda botolo, koma kalelo tonse tinkawakhulupirira.

Bala linapola, koma chipsera chinakokera mlomo m'mwamba. Mano anatsala panja, kuwombedwa mphepo. Ndikamwa madzi, theka linkathera pamalaya. Choipitsitsa, ndinkaoneka ngati ndikuseka nthawi zonse. Aphunzitsi anandikwapula chifukwa chosekerera masamu. Pamaliro ena, mayi wachikulire anandiloza: "Mwana wa ndani uyu, woseka mtembo?" Kuchokera tsiku limenelo ndinakana kutuluka m'nyumba, sukulu n'kuisiya.

Mvula isanagwe, kutchalitchi analengeza kuti kuchipatala cha mishoni kwabwera madokotala okonza nkhope. Amayi atanditengera kumeneko, dokotala anagwira tsaya langa ndi zala zozizira, nafunsa, "Munathirapo chiyani apa?" Amayi anangoyang'ana zikhadabo zawo. Madokotala anandigoneka ndi mankhwala, anadula chipsera chija n'kusoka mokhotakhota kuti khungu litambasuke. Ulusi wake unali wowonda moti kangaude akanabwera kudzaphunzira ntchito. Sindikunama.

Atachotsa bandeji, mlomo unatsekeka wokha. Ndinamwa tiyi kapu yonse, malaya ali gwa, ouma. "Takwiya tione, iwe," anatero anesi. Ndinakwinya nkhope, wodi yonse n'kuwomba m'manja. Amayi anadziphimba ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

Amalume okha sanaponde m'wodimo. Masiku onsewo ankakhala panja patsinde la mango, chipewa chili m'manja, akumapatsira anesi mabanzi kuti andibweretsere. Ine ndinkauza ana a pamabedi oyandikana nane kuti bambo wamkulu uja, ndevu zonse zija, amaopa jakisoni.