Foni yopanda chingwe ya ku Joni

Foni ija amuna anga anaigula kwa dalaivala wa thiraki wochokera ku Joni. Inalibe chingwe, inali ndi kamlongoti kosolola ngati ka wailesi, ndipo m'dera lathu lonse la Chibanja tinali nayo ife tokha. Matama anga ine osanena. Ndinkatuluka nayo dala pakhonde kuti azimayi a pampopi aone kuti ena tinafikapo.

Inali nthawi ija mawu oti matipate tinkawanenera kukhutu. Mlongo wanga, mphunzitsi, anali atathawa kusukulu kwake chifukwa cha makalata oletsedwa omwe ankachulukitsa pamakina osindikizira mayeso. Ankabisala ku Mzilawaingwe, dera loyandikana ndi lathu, m'kanyumba ka kuseri kwa mnzake. Amama ankakhala ku Zomba kwa akulu anga, ndipo Lachisanu lililonse masana ndinkawaimbira kuwauza kuti mwana wawo ali moyo, akudya.

Tsiku lina ndikugula sopo, bambo a golosale ya kutsidya kwa msewu, Myao wa ku Mangochi, anati ndidikire kaye anthu athe. Kenako anapotokola wailesi yawo mpaka kumathero, kuja kumangomveka phokoso ngati mvula pamalata.

"Mayi, Lachisanu munalankhula apa," anatero. "Inu ndi amayi anu. Achimwene anu akutsokomola, nsapato zawo zang'ambika."

Ndinafunsa ngati ndinatchula malo.

"Simunatchule, koma amayi anafunsa kawiri, ndipo afunsanso. Wailesi m'dera muno si yanga yokha."

Amuna anga anakafunsa mnzawo wokonza matelefoni. Iye anati foniyo anaipangira dziko lina, kumene mafunde ake ali ndi njira yawoyawo. Kuno amagwera m'njira ya wailesi, ndipo boma silinailole. Kukaipereka kuboma kunali kudzipereka tokha, poti akanafunsa kuti timalankhula ndi yani. Amuna anga anati tingoiponya m'chimbudzi.

Mlongo wanga atamva anakana. Anati ngati pali wina amene akutchera khutu, wadziwa kale kuti ali pafupi, ndipo foni ikangokhala chete ayamba kunditsatira ine. Ndiwauze amama kuti wachoka m'dziko muno, pafoni yomweyo, mokweza. Zoona zake ayi, ngakhale m'kalata, poti makalata ankatsegulidwa, komanso amama pakamwa pawo panalibe chitseko. Ndinamulalatira kuti ndi wouma mtima, koma njira ina ndinaisowa.

Lachisanu ndinaima pakhonde pompaja.

"Amama, wapita. Wawolokera ku Tanzania kudzera ku Karonga."

Amama anati, "Osanditsanzika?"

Bodza limafuna kudyetsedwa ngati mwana. Sabata iliyonse ndinkapeka china: wapeza sukulu yophunzitsa, chifuwa chatha, wanenepa. Foni ija ndinadana nayo chomene. Kuitaya kosatheka, kunenapo zoona kosatheka, ndipo aliyense wondipatsa moni pampopi ndinkamuyang'ana ngati ndiye wondimvetsera. Amama analuka juzi n'kuitumiza pabasi kuti ndimupezere woipititsa ku Tanzania. Ndinakamupatsa ndekha wapansi, itabisidwa m'dengu la masamba.

Amene anatimvera chisoni ndi bambo a golosale aja. Anamubwereka mlongo wanga mkanjo ndi kofia, nati Lachisanu azibwera ngati wamalonda mnzawo. Ankamulowetsa m'chipinda cha katundu, pakati pa matumba a shuga, n'kumuikira wailesi pansipansi. Motero ankamva mawu a amama, iye osatha kuyankha. Ine ndili pakhonde ndinkaona zenera la chipindacho, ndikunama kuti ali kutali.

Amama anayamba kudwala mvula itangoyamba. Lachisanu lina akulu anga anachita kuwagwirira foni, mawu akutuluka movutikira.

"Kodi kumene aliko amandikumbuka?"

Ndinayang'ana zenera lija. Kukanakhala kungowoloka msewu, kumupatsa foni, basi. Koma pakhonde la golosale panali patakhala amuna awiri osawadziwa, akumwa zoziziritsa kukhosi. Mwina anali anthu wamba, mpaka lero sindidziwa.

"Amakukumbukani chomene, amama."

"Yewo. Umuuze asabwere, kuno sikunakhale bwino. Zosatsanzika zija ndinaiwala kale."

Amunawo atachoka ndinawoloka. Ndinamupeza atakhala pathumba la shuga, juzi ija ili m'kati mwa mkanjo, wailesi ataikumbatira pachifuwa ikungochita phokoso.

Amama anatisiya sabata yotsatira, miyezi ingapo tisanavote pa za matipate. Kumaliro ndinapita ndekha, ndipo anamfedwa ankandifunsa ngati uthenga wamufika mlongo wanga ku Tanzania. Ndinkayankha kuti wamufika.