Matemba a m'chisakasa cha amuna anga

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma, ine ndinali mkazi wa msodzi wopanda nyanja. Ukaima pakhomo pathu, kumtunda pang'ono kwa Kachulu, unkangoona dothi long'aluka mpaka kuphiri la Chisi, anthu akupalasa njinga pamene kale pankadutsa mabwato. Bwato la amuna anga linatsala pagombe pomwe madzi analisiya, nkhuku n'kuyamba kuikiramo mazira.

Amuna angawo sanadandaule. Akanadandaula bwenzi zili bwinoko, chifukwa munthu wodandaula umapeza pomuyankhira. Anzawo anapita ku Malombe kukasaka madzi, ena anakagwira maganyu m'minda ya mpunga ku Likangala. Amuna angawo ankadzuka m'mamawa monga kale, kuvala chipewa chawo cha mlaza, n'kukakhala m'chisakasa mmene tinkasungamo maukonde ndi matemba ouma. Ankakhala kumapeto kwa benchi, msana atatsamira mpanda wa bango, mpaka dzuwa kupendeka. Ndikawapatsa chakudya ankadya. Ndikapanda kuwapatsa sankafunsa. Ndinanyengerera, ndinalalata, ndinaitana ngakhale akulu ampingo. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi chokha, kuti adzuke pabenchipo akhalenso munthu. Kenaka ndinatopa, mtima unachita dzanzi, ndipo ndinayamba kumangosesa mozungulira mapazi awo.

Nthawi imeneyo ndi imene achimwene anga anabwera kuchokera ku Joni, kumene anakhalitsa akukonza mawailesi a kanema. Anthu ochokera ku Joni amabwera ndi mabulangete ndi mapoto. Athuwa anatsitsa wailesi ya kanema, kamera, kajenereta, ndi kompyuta yooneka ngati taipi ya kalaliki. Amayi anauyang'ana katunduyo nafunsa kuti, "Ndiye chodyedwa ndi chiti pamenepa?"

Tinkayesa atsegula malo oonetsera mafilimu a nkhonya ngati anzawo a padoko, koma ayi. Iwo ankati akufuna kubweza nsomba. Poti m'chisakasa mwathu munalibenso nsomba zoti n'kusunga, anaika katundu wawo mmenemo, kuyang'anizana ndi benchi ya alamu awo. Ankakhala tsiku lonse akugogoda zilembo ndi zala ziwiri, kulemba mizere ya mawu osamveka, kufufuta, kutukwana, kuyambiranso. Amuna awiri m'chisakasa chimodzi, wina wolankhula ndi makina, wina wosalankhula ndi aliyense. Tsiku lina pagalasi la kanema panaoneka timatemba toyera, tojambula ndi timizere, tikungoyendayenda.

"Sizinathe, chemwali," anandiuza nditawabweretsera madzi akumwa. "Ndikufuna munthu akaima apa adzione yekha m'kanema, nsomba zizimutsata."

"Zimudziwa bwanji kuti ndi munthu?"

"Sizimudziwa ayi. Makinawa alibe nzeru. Poyamba ndiwajambulitsa chisakasa chopanda munthu, asunge chithunzicho. Akatero, chilichonse chosiyana ndi chithunzi chijacho kwa iwo ndi munthu, nsomba zithamangira pomwepo."

"Ndiye jambulanitu."

Analoza ndi mlomo kubenchi, natsitsa mawu. "Alamu ali pamenepo."

"Auzeni asunthe kaye."

"Ine? Mwinimbumba ndiuze mkamwini kuti tachokanipo? Auzeni ndinu, ndi amuna anu."

Wa kutali angaseke, koma kwathu kuno mwamuna amadzakhala kwa mkazi, ndipo mudzi si wake. Mkamwini amene sakubweretsanso kanthu pakhomo, ukangomuuza kuti tadzukani pamenepo, ngakhale ukufuna kungosesapo, iye amamva kuti wapitikitsidwa, ndipo pofika madzulo wamanga kale mphasa yake. Achimwene sakanatha kunena mawu amenewo. Inenso ndinawayesa pakamwa, anandikanika. Tinadikira kuti mwina adzuka okha, koma akapita kuseri, jenereta imakhala isanalire, ikalira iwo abwerera kale pamalo pawo. Mapeto ake achimwene anangojambula chisakasacho alamu awo ali momwemo, ndipo chithunzi chimenecho ndi chimene makina anasunga.

Mbiri inawanda msanga. Anthu ankabwera kuchokera kudoko ndi kumidzi ya kwa Kuntumanji, kudzazana pakhomo pa chisakasa, kulowa awiriawiri. Munthu akaima kutsogolo kwa kamera ankadziona m'kanema, timatemba tija n'kumuunjirira m'mapewa ndi m'manja. Akasuntha tinkamutsata. Ana ankadumpha, kubisala, kutulukira, kukuwa. Mayi wina wogulitsa nsomba anamasula chitenje n'kuchitambasula ngati akukokola, timatemba n'kudzazadi m'chitenjemo, anthu kufa nako kuseka. Asodzi achikulire sankaseka. Ankaima phee, manja atatambasula pang'ono, kuyang'ana nthawi yaitali, kenaka n'kutuluka.

Amuna anga ankaonekanso m'kanemamo, pakona, ndi chipewa chawo. Koma nsomba zinkangowadutsa ngati zikudutsa nsanamira. Kwa makina aja iwo anali mbali ya mpanda. Tsiku lina mayi wina anandinong'oneza, mwina mwachisoni mwina mwachipongwe, kuti, "Abambo anuwa ngakhale nsomba zabodza zikuwakana." Ndinamva, ndinagwedeza mutu, ndinapitiriza kusankha mpunga. Sindinakwiye. Masiku amenewo mawu ankangondigwera ngati mvula padenga la eni.

Kamodzi kokha ndinaona kanthu. Ntchentche inawatera pamphuno, iwo anakweza dzanja kuti aiingitse, ndipo timatemba tingapo tinapatuka n'kuthamangira padzanjapo. Anationa timatembato. Analisiya dzanja m'mwamba, nalitembenuza pang'onopang'ono, timatemba tikulizungulira. Ine ndinati basi, lero adzuka. Anayang'ana kwa kanthawi, nabweza dzanja pabondo pamene linkakhala, nsomba n'kubalalika. Sanalikwezenso.

Chakudza sichiimba ng'oma. Madzi tinkatunga m'zitsime zokumba m'dothi la nyanja, ndipo kolera inalowa m'midzi. Amuna anga inawagwira m'mawa, tinawanyamula panjinga kupita kuchipatala, sanagone masiku. Maliro a kolera alibe mwambo. Sitinawasambitse, sitinagone nawo m'nyumba, anawakulunga m'pulasitiki n'kuwaika tsiku lomwelo. Ine sindinalire. Ndinayesa kufinya misozi, poti anthu ankandiyang'ana, koma munalibe kanthu. Azilamu anga ochokera kwawo kwa malemu anapita akunena kuti mkazi uyu ndi wouma mtima, ndipo sindinawatsutse.

Titameta, achimwene anati ayatseko makina aja asanachite dzimbiri. Unali masana, m'chisakasa munalibe wina aliyense, ine ndinali panja ndikuanika zovala. Ndinamva jenereta ikulira, kenaka anandiitana ndi mawu achilendo.

"Chemwali, tabwerani. Muime pakhomo pomwepo, musalowe."

Ndinasuzumira. M'kanema munali benchi yopanda munthu ndi mpanda wa bango. Koma timatemba tonse, osatsala ndi kamodzi komwe, tinali titaunjikana kumapeto kwa benchi. Timatembato tinapanga mapewa akugwa, msana wotsamira, manja pamaondo, ndi chipewa chomwe.

"Si mizimu ayi," achimwene anafulumira kunena. "Ndi chithunzi chakale chija. Makina akudziwa kuti pamenepo pamakhala alamu. Lero palibe, ndiye pasiyana, ndiye akuyesa pali munthu."

Ndinamva bwinobwino, sikuti zinali zovuta. Miyezi yonse imene anakhala pamenepo makinawo sanawaone, anadzawaona atachokapo. Sindikanawanyoza makinawo, poti ine mwini wake ndi tsache langa ndinkachita chimodzimodzi.

"Ndijambule china," anatero, chala chili kale pabatani. "Chisakasa chili chopanda munthu tsopano. Zitheratu izi."

"Tadikirani kaye, achimwene."

Ndinalowa, ndinapukuta manja pachitenje, ndinakhala pabenchipo moyandikana ndi malo awo, chinthu chimene sindinachite chiumire nyanja. Timatemba tina tinapatuka n'kubwera kwa ine, tina tinatsala kwa iwo, ndipo pakati pathu tinkangowolokawoloka. M'kanemamo tinaoneka anthu awiri, mwamuna ndi mkazi wake atakhala pakhomo pawo. Ndinadikira misozi, sinabwere. Ndinangomva kuti ndawasowa, ndipo ndinali ndisanamve kanthu kalikonse kwa nthawi yaitali.

Achimwene anayang'ana kujenereta, nayang'ana kwa ine. "Petulo watsala pang'ono, chemwali."

"Musazimitse," ndinatero. "Athere pomwepo."