Esinati ndi njovu za ku Siavonga

Esinati mnzanga, lero ndapeza chithunzi chathu cha ku Siavonga, cha masiku aja tinkafola mzere wa ufa kukomboni kwathu ku Kanyama. Loweruka lina ife anayi a kufakitale ya zovala tinakwera bwato ku Siavonga kukagona pakachilumba ka m'nyanja. Iwe unkaopa madzi chigwereni nyumba yanu ndi mvula, moti ulendo wonse unandigwira dzanja.

M'mawa unandigwedeza: "Joisi, uka uone vinthu!" Njovu zitatu zinkasambira chapatali, zitamba zokha zili m'mwamba. Iwe unagwada pamchenga misozi ikutsika, n'kunong'ona kuti, "Kanshi Mulungu anapanga vonse ivi, ise tili chabe mu matope?"

Zaka zisanu zapita chikuikire m'manda, koma mawu akowo ndimawamvabe. Kaya ukuona zotani kumeneko, mnzanga.