Ndikukankha Galimoto Yanga

Ndili pa msewu wafumbi, kutali kwambiri, kupitirira Rumphi. Dzuwa lili pamutu. Ndikuyendetsa pikapu yanga, mkazi wanga Nabanda ali pambali, akudya chimanga chootcha chimene ndamugulira. Kanyali kofiira ka batire kayaka. Injini ikutsokomola, kenako yangoti zii.

Ndikugogoda mitu ya batire ndi mwala. Sizikuthandiza.

Kuseri kwa mtengo wa mango kukutuluka Chisale, uja ankafuna kukwatira Nabanda ine ndisanabwere. Wavala suti yoyera, ndipo fumbi silikumugwira.

"Achimwene, iyi ikufunika kukankha," akutero. "Inu muli ndi mphamvu, pitani kumbuyo."

"Galimoto ndi yanga iyi."

"Bambo a Dalitso, musavute," akutero Nabanda. "A Chisale amazidziwa izi."

Ndikukankha. Msewu wasanduka chitunda. Pagalasi lakumbuyo ndikuona mitu iwiri. Mpando wanga wamukwana bwino Chisale, sanausunthe n'komwe. Nabanda akuthyola chimanga chija pakati, akumupatsa mbali yaikulu.

Injini yalira.

"Imani, ndikwere!"

Nabanda akutulutsa mutu pawindo. Akuseka mmene ankasekera tili pachibwenzi. "Mumanena nokha, bambo! Ikalira osaima, izimanso!"

Ndi zoona, ndimanena choncho.

Akupita, akuchepa, akulowa m'fumbi. Ine ndatsala ndi mwala uja m'manja. Mwalawo ukuyaka mofiira ngati kanyali kaja, ndipo ukukana kutayika.

Ndadzuka m'tulo. Nabanda wandipatsa moni kawiri, sindinamuyankhe. Makiyi agalimoto ndawaika m'thumba mwanga.